Khomo la Kuseri kwa a Mwavi

Nyumba ya a Mwavi ili ndi makomo awiri, ndipo aliyense amene adalimapo fodya pa esiteti imeneyo amadziwa lake popanda womuuza. La kutsogolo ndi la mlombwa, ndipo lili pamwamba pa masitepe asanu ndi awiri opolishidwa mofiira. La kuseri ndi la matabwa wamba. Masitepe ake ndi atatu okha, ndipo yapakatiyo idadyeka ndi mapazi mpaka kuchita kadzenje komwe madzi a mvula amadekhamo.

Feliya adakula akudziwa la kuserilo. Bambo ake, a Yobu, adachoka ku Phalombe pa lole ya matenanti iye asanabadwe, atanyamula mkeka, khasu ndi mkazi, n'kumati tikalime chaka chimodzi tibwerere. Chaka chimodzicho chidabala zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu. Mkazi adamwalira, esiteti idadulidwadulidwa kukhala mapuloti, tawuni ya Kasungu idakwawa mpaka kudzagunda mpanda wa nyumbayo, koma a Yobu akadali m'kanyumba kawo kuseri kwa zigafa, kulimira a Mwavi fodya pa maekala amene adatsala.

Tsono chikondi sichifunsa kuti iwe umalowera khomo liti. Sunganani Mwavi, mwana mmodzi yekha wa pakhomopo, adakulira m'sukulu zogonera komweko, n'kukaphunzira zomangamanga ku Blantyre. Bambo ake atamwalira adabwerera kudzakonza nyumba ya makolo. Tsiku lina adapita kwa a Yobu kukafunsa komwe kudali chitsime chakale, ndipo adapeza mtsikana akuchonga makope a ana asukulu pamkeka. Za chitsimezo adaziiwala. Miyezi isanu ndi itatu idadutsa, ndipo tsopano chimene chidatsala n'chakuti ankhoswe a Sunganani apite ku Phalombe kwa amalume a Feliya. Koma ankhoswewo, omwe adali abale a malemu bambo a Sunganani ku Kaomba, sakadasuntha phazi popanda mawu a mayi ake, Mayi Annette Mwavi. Mayi Mwaviwo mawu awo adali atawatsekera m'kamwa.

* * *

Lachinayi masana, mayi ake atapita ku chigwirizano, Sunganani adamutenga Feliya kukamuonetsa nyumbayo mkati. Feliya adafika pa masitepe a kutsogolo n'kuima. Nsapato zidali zatsopano, komabe dzanja lidatsikira lokha kuti azivule.

"Ukavula nsapatozo ndikunyamula," adatero Sunganani.

"Undinyamule anthu a m'mapulotiwa akuona? Mawa ndikaphunzitsa bwanji ana awo?"

Adakwera nazo, koma monyang'ama, ngati munthu wolowa m'tchalitchi pemphero lili mkati.

Sunganani akayamba za nyumbayi safuna womufunsa mafunso. Adamuzungulitsa khonde lonse, lomwe limakuta mbali zitatu, n'kumuuza kuti lidatambalala choncho kuti dzuwa la Okutobala lisamafike pakhoma. Adamugwiritsa khomalo kuti amve kuzizira kwake. Njerwa zake zidaumbidwa kudambo la kumunsi, ndipo zidawakidwa ndi dothi, osati simenti. Pabalaza adamuuza kuti aime chete anunkhize. Siling'i idali ya mkungudza, ndipo ngakhale pa zaka zonsezi fungo lake lidali likutsikabe pang'onopang'ono.

Woimanga adali mzungu amene dzina lake anthu adalitaya kalekale. Ankangoti Bwana Chipewa, poti ngakhale pa tebulo sankachivula. Atachoka iyeyo padabwera Mgiriki wa ana asanu ndi mmodzi, amene adabzala malalanje aja ali kumpoto n'kugwetsa khoma limodzi kuti tebulo lake likwane. Kenaka kwa zaka zingapo munkagona akuluakulu a boma odutsa, mpaka agogo a Sunganani adaigula. Pafelemu ya chitseko cholowera kodyera padali timizere tocheka ndi mpeni, kuyambira m'bondo mpaka m'phewa, kalikonse ndi dzina lake ndi chaka chake.

"Mwana aliyense amene adakulira muno adayezedwa apa," adatero Sunganani. "Awa ndi a Mgiriki. Uyu ndine, ndili ndi zaka zisanu. Mbali iyi ndasiyira athu."

Feliya adamumenya kambama kosapweteka paphewa, koma mumtima adakondwera kwambiri.

Chimwemwecho chidathera m'kachipinda komaliza, koyandikana ndi khitchini. Mudali mdima ndi fungo la anankafumbwe. Sunganani adati kale munkasungidwa chimanga cha matenanti, ndipo wophika ankagona momwemo chifukwa ndiye ankasunga makiyi. Adati sabata yamawa ayamba kupala penti yakale m'zitseko zake. Feliya sankamva. Maso ake adali pa kazenera ka zitsulo kokhala ndi thabwa m'munsi mwake. Kazenerako ankakadziwa bwino, koma ankakadziwira kunja. Ali wamng'ono ankaima pamenepo atagwira buluku la bambo ake, iwo akulandira chimanga ndi malamulo a tsikulo. Lero ndi pamene adaona kuti nyumbayo idamangidwa pa dothi lochita kuunjika, kotero kuti munthu wamtali ngati a Yobu akaima kunjako, wa mkati amangoona mutu wokha, woyang'ana m'mwamba. Thabwa lija lidali losalala ndi zigongono za anthu. Feliya adapsa mtima.

Sunganani, osazindikira kanthu, adasankha nthawi yomweyo kumuuza nkhani yabwino. Mayi ake adali atalola kuti a Yobu abwere Lamulungu kudzadya nawo nkhomaliro, mabanja adziwane.

"Adzalowera kutsogolo," adatero Feliya.

"Nanga alowera kuti?"

"Ndikunena kuti umve, Sunganani. Ababa adzakwera masitepe asanu ndi awiri aja, adzakhala pampando. Zikapanda kutero, ine nyumba ino sindidzaipondanso, ngakhale inunkhire bwanji."

* * *

Nkhani ya nkhomaliroyo idamufika Tawonga lisanalowe dzuwa. Tawonga adali wa ku Nkhamenya, mwana wa mnzawo wapamtima wa Mayi Mwavi, ndipo adaphunzira limodzi ndi Feliya ku sekondale. Mayi Mwavi adamusankhira mwana wawo kalekale, ndipo iye adali atayamba kale kusintha makatani a nyumbayo m'maganizo mwake. Uthenga wake udalowa pafoni ya Feliya madzulo omwewo.

"Ndamva Lamulungu kuli alendo. Uwauze madala asambe bwino, fungo la fodya limakanirira m'masofa."

Feliya adawerenga kawiri. Adalemba mayankho atatu n'kuwafufuta. Yankho lachinayi adalitumiza: "Masofawo adabwera ndi fungo lomwelo."

Kuvuta kudali kwa a Yobu. Adamvetsera mwana wawo akusenda mtedza, ndipo atatha adafunsa ngati ku Kasungu konse anyamata a msinkhu wawo adatha. Feliya adawayankha kuti wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. A Yobu adaseka pang'ono n'kunena kuti wokwatiwayo ndi iye, koma kung'animako akukutumira bambo ake. Komabe Loweruka adatulutsa jekete yawo ya Mgonero m'sutikesi, adaisita okha ndi ayironi ya makala, ndipo adagwira tambala wamkulu pa onse n'kumumanga miyendo.

Feliya adawauza katatu. Kutsogolo, ababa. Mukalowa pageti mulunjike komwe kuli masitepe ofiira. A Yobu adati amva, sadali mwana.

* * *

Lamulungu Feliya adatsogola atangoweruka ku tchalitchi, chifukwa a Yobu, monga mkulu wa mpingo, adatsalira pa kamsonkhano. Pakhonde adapeza mipando ya nsungwi itayalidwa, Mayi Mwavi atakhala pakati, magalasi awo a unyolo ali pamphuno. Adali mayi wosamala mawu ndi zovala, amene tawuni yonse inkadziwa kuti adakulira ku Limbe ndipo abale ake onse adatha. Adamulandira Feliya ndi nsonga za zala. Tawonga adali kale pakhomopo, atavala epuloni ya Mayi Mwavi, kulowa ndi kutuluka ngati mwini nyumba.

Ola la khumi ndi awiri lidadutsa. Mpunga udapsa, nkhuku idazizira n'kutenthetsedwanso. Feliya maso ali kugeti, koma kunkangodutsa akabaza. Adayesa foni ya bambo ake, idali yozimitsa monga mwa chizolowezi chawo cha Lamulungu. Mayi Mwavi adayang'ana wotchi kawiri, ndipo kachitatu adanena, osayang'ana munthu, kuti anthu ena nthawi amaidziwa pokhapokha wina awaimbire belu.

Kenaka Tawonga adatulukira kukhitchini akupukuta m'manja, nkhope ikuwala.

"Mwe, bwanji mukudikira? Alendo anu adafika kalekale. Ali pamalo pawo."

Feliya adazungulira nyumbayo akuthamanga. Adawapeza bambo ake kuseri, pansi pa kazenera ka zitsulo kaja, atanyonyomala m'jekete yawo yositayo, chipewa chili pabondo, tambala ali pambali. Adali atakhala pamenepo pafupifupi ola lathunthu. Adati pamene amalowa pageti mutu unkadziwa za masitepe ofiira, koma miyendo idakhota yokha. Atafika kuseriko adati odi kamodzi, mtsikana wina adasuzumira, adawalozetsa foni n'kuwauza kuti adikire.

Feliya adafuna kulira, koma adaona kuti akalira bambo akewo ndiye achita manyazi koposa. Adawasasa fumbi pajekete, adawaveka chipewa, adanyamula tambala kudzanja limodzi, ndipo linalo adagwira mkono wawo. Adayenda nawo pang'onopang'ono kudutsa pa malalanje a Mgiriki mpaka kutsogolo. Pa sitepe yoyamba a Yobu adaima n'kuwerama kuti avule nsapato.

"Musavule, ababa. Kwerani."

Adakwera onse asanu ndi awiri. Sunganani adadzuka kudzawachingamira, adawagwira chanza ndi manja awiri, n'kuwakhazika pa mpando waukulu umene unkakhala malemu bambo ake. A Yobu adakhala m'mphepete mwenimweni mwa mpandowo. Adawomba m'manja mofatsa moyang'ana Mayi Mwavi n'kunena kuti, "Adona." Mayi Mwavi adayankha moni, koma maso awo sadakumane ndi a mlendo.

Chakudya chidayenda movutikira. Sunganani, pofuna kuphwanya bata, adabwerera ku nkhani yake ya nyumba ndi anthu ake akale.

"Bambo, inu mudawapeza a Jeremiya, nkhalamba yophika ija? Ine ndimangowakumbukira pang'ono. Ankandiwotchera chinangwa kuseriku n'kumandiimbira nyimbo ya Chilomwe."

Supuni ya Mayi Mwavi idalira pambale. A Yobu adati adawapeza, adali munthu wabwino, ndipo sadaonjezere china. Mayi Mwavi adati pa tebulo sakambirapo za akufa. Adapukuta pakamwa, adaimirira, ndipo adalankhula ndi mwana wawo ngati kuti pakhondepo padalibe wina.

"Ku Kaomba sinditumizako mawu. Banja si nazale yoti ungozula mbande uku n'kukaoka uko. Munthu wosadziwa khomo lolowera ndikamuonetsa bwanji kwa abale a bambo ako?"

Adalowa m'nyumba n'kutseka chitseko cha mlombwa chija.

* * *

Pobwerera adadutsa njira ya m'minda, momwe mapesi a fodya adali atazulidwa kale ndipo mphepo inkangonyamula fumbi. Feliya adasunga misozi mpaka adafika pa zigafa. Pamenepo adawafunsa bambo ake chimene adawalakwira mayi amenewo kuti azidana nawo chotere.

A Yobu adakhala pa mtengo wogwa n'kuvula nsapato zomwe zinkawathina. Adati sichidali chidani. Mayi amenewo ankaopa.

Ndipo adamuuza zimene adazisunga zaka makumi awiri ndi zisanu. Jeremiya wophika uja adali wa ku Mulanje. Adabwera m'nyumbayo nthawi ya Mgiriki, ndipo mkazi wake atamwalira adalera yekha mwana wamkazi m'kachipinda ka chimanga kaja. Mwanayo adakula wokongola ndi wanzeru, ndipo mwana wa bwana adamukonda. Agogo a Sunganani adakana mpaka kutopa, kenaka adalola, koma adaika lamulo. Mtsikanayo apite ku Limbe zaka ziwiri akaphunzire kutaipa ndi kudya ndi foloko, adzabwere ngati mlendo wopanda abale. Wophika akhale wophika. Jeremiya adavomera chifukwa cha mwana wake, ndipo adaphikira ukwati umenewo ali kukhitchini.

"Anandiuza yekha ali pamphasa, m'chilankhulo cha kwathu," adatero a Yobu. "Maliro ake tinanyamula ndife matenanti anayi, kutulukira kuseri. Adona anaima mkati, pazenera lija, atagwira zitsulo. Sanalire mokweza. Matenanti anzanga aja onse anabwerera kwawo, ndatsala ndine ndekha amene ndinaona."

Feliya adawafunsa chifukwa chimene sadanenepo kwa wina aliyense. A Yobu adati palibe adawafunsapo. Bodza sadalinenepo chibadwire, koma si zonse zimene munthu akudziwa zoyenera kuyanikidwa pamsewu.

* * *

Madzulo omwewo chithunzi cha a Yobu atanyonyomala ndi tambala wawo chidali pa sitetasi ya Tawonga, pansi pake atalemba kuti alendo olemekezeka afika. Aphunzitsi anzake a Feliya adachiona, makolo a ana ake adachiona. Sunganani adaimba foni kunena kuti wamukalipira Tawonga ndipo chithunzicho chachotsedwa. Adapepesa za mayi ake, adalumbira kuti sabwerera m'mbuyo, koma adalakwitsa pomaliza ponena kuti Tawonga amukhululukire, chidali chibwana chabe.

"Chibwana cha munthu wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi?" adafunsa Feliya. "Mukamaliza kumuikira kumbuyo mundiimbire, a Mwavi."

Adadula foni. Mauthenga asanu ndi anayi adalowa motsatizana, ndipo iye adayankha womaliza wokha, womwe udangoti ndimakukonda. Adalemba kuti akudziwa.

Chida adali nacho tsopano, chakuthwa kuposa chikwanje. Akadangolemba mawu awiri kwa Sunganani, kunyada konse kwa Mayi Mwavi kukadagwa tsiku lomwelo. Adaganiza zimenezi kangapo, ndipo sitinganame, zidamukomera. Koma nthawi iliyonse ankaona mayi atagwira zitsulo za zenera, akuyang'ana bokosi la bambo ake likutulukira kuseri, ndipo zala zake zinkakana kulemba.

Lachiwiri Mayi Mwavi adamuitanitsa. Feliya adakwera masitepe ofiira atavala nsapato zake ndipo adagogoda pachitseko cha kutsogolo. Sunganani adali atapita kukagula laimu. Tawonga adatsekula, ndipo Mayi Mwavi adamutuma kumsika kukagula zinthu zomwe m'nyumbamo zidalimo kale.

Adakhala awiriwiri pabalaza, pansi pa siling'i ya mkungudza.

"Bambo ako akuuza," adatero Mayi Mwavi. Silidali funso.

"Andiuza, amayi."

"Ndiye wabwera kudzandiopseza."

"Mwandiitana ndinu."

Mayi Mwavi adavula magalasi. Popanda magalasiwo adaoneka wotopa ndi wamkulu kuposa zaka zawo. Adati iwo sadali munthu woipa mtima. Ankhoswe atha kupita ku Phalombe Loweruka lomweli. Koma a Yobu akalamba, ntchito ya fodya yawakwana, ndi bwino abwerere kwawo akapume. Galimoto yonyamula katundu ipezeka, malata a nyumba apezeka. Pa ukwati adzabwera ngati mlendo wochokera ku Phalombe, ndipo palibe adzakumbuke za utenanti.

Feliya adayankha ndi mawu owongoka.

"Amayi, inu anakupatsani lamulo ngati limeneli, munalilandira. Sindikuweruzani, sindinalipo. Koma bambo anga sindiwabisa. Akhala pomwe ali mpaka adzafune okha kuchoka, ndipo akabwera muno azilowera pomwe ndalowera ine lero. Ngati ukwati ukufuna kuti ndiwataye, ukwatiwo ukhale."

Kunja njiwa zinkalira m'malalanje. Mayi Mwavi adayang'ana mtsikanayo ngati akuona chinthu chimene adachitaya kalekale, ndipo Feliya sadathe kudziwa ngati udali mkwiyo kapena nsanje.

"Chabwino," adatero potsiriza. "Akhale. Azikhala pakhonde. Ku Kaomba ndiimba lero. Koma mwana wanga amandidziwa mmene amandidziwiramu, ndipo ndi yekhayo amene ndili naye. Tsiku limene adzamve za Jeremiya kuchokera pakamwa pako kapena pa bambo ako, ankhoswe ndidzawabweza ngakhale ali pakati pa njira. Ukulonjeza?"

Feliya adati chikadakhala bwino akadamuuza okha. Mayi Mwavi adati sadamufunse malangizo. Feliya adaganiza za Loweruka, adaganiza za bambo ake atakhala pampando waukulu uja, adadziuza kuti nkhani imene palibe adaifunsa zaka makumi awiri ndi zisanu siingafunsidwe sabata ino. Adalonjeza, pakamwa pake ndi pa bambo ake pomwe.

Adatsika masitepe atapambana, koma kupambanako kudamuwawa m'kamwa. Kunyumba adangowauza a Yobu kuti adona asintha maganizo. Za lonjezo sadatchule. Adachita manyazi kuwauza kuti wapinyolitsa pakamwa pa mkulu wa mpingo osamufunsa mwini wake.

* * *

Masiku atatu adayenda mokoma. Sunganani adabwera ndi nsalu ya chitenje yopepesera, ndipo adayanjana atakhala pansi pa chigafa. Amalume ku Phalombe adauzidwa kuti asese pabwalo. Ankhoswe awiri a ku Kaomba adafika m'tawuni Lachisanu, okonzeka kukwera basi ya m'mawa.

Lachisanu lomwelo, dzuwa litapendeka, Feliya ankaanula zovala pamene adamuona Sunganani akubwera wapansi m'njira ya m'minda. Tsitsi lake lidali loyera ndi fumbi la penti, ndipo paphewa adasenza thabwa lalitali. Sadamwetulire.

Adaliimika thabwalo pakhoma la kanyumbako. Lidali la felemu ya chitseko cha kachipinda ka chimanga. Adati wakhala akupala kuyambira m'mawa, ndipo pansi pa penti ya mitundu isanu adapeza timizere ngati ta kodyera tija. Tokhati tidachekedwa ndi mpeni wa kukhitchini, ndipo zilembo zake zidawotchedwa ndi msomali wamoto. Feliya adawerenga asanafune kuwerenga. Pa kamzere kalikonse padali dzina limodzi lomwelo, ANETI, ndi chaka chake, kuyambira m'bondo kukwera. Kamzere komaliza kadali mu msinkhu wa phewa lake.

"Amayi amati anakulira ku Limbe," adatero Sunganani. "Dzina lawo likutani m'chipinda cha wophika, zaka khumi ndi zisanu asanakwatiwe? Ndawafunsa, adzitsekera kuchipinda. Tawonga akuti Lachiwiri munatsekerana awiri, ndipo kuchokera pamenepo amayi anagonja. Akuti pali chimene unawagwira nacho."

"Ndiye wabwera ndi mawu a Tawonga?"

"Ndabwera ndi thabwa ili. Feliya, sunandinamizepo. Ukudziwa chiyani?"

Feliya adafinya malaya amene adali m'manja mwake. Chikondi chonse chimene adali nacho pa mnyamatayu chidamuuza kuti anene, ndipo chikondi chomwecho chidamuuza kuti atseke pakamwa mpaka basi inyamuke.

"Bwerera ukagogodenso kwa amayi ako," adatero. "Nkhani imeneyi ndi yawo. Chonde, Sunga."

"Ndiye kuti ukudziwa."

Sadadikire yankho. Adapita pakhomo la kanyumbako, adavula kapu yake, adanyonyomala pafumbi monga momwe a Yobu adachitira pansi pa zenera lija, n'kuomba m'manja.

"Odi, bambo. Ndili ndi funso limodzi."

Feliya adataya malaya n'kuthamangira pakhomopo. Adaima pakati, dzanja lina pa mphuthu iyi, lina pa inayo, msana ataupereka kwa bambo ake. Mkatimo adamva mkeka ukukhwekhwereza ndi a Yobu akutsokomola podzuka. Apa ndi pamene adakumbukira kuti bambo akewo za lonjezo lija sakudziwa kanthu, ndipo chifukwa chokha chimene adakhalira chete zaka zonsezi n'chakuti palibe adawafunsapo.

"Ababa, musatuluke," adatero. "Ndilankhula naye ndekha."

"Choka pakhomo, Feliya," adayankha a Yobu modekha. "Mdzukulu wa Jeremiya sanyonyomala panja pa nyumba yanga. Mlowetse."

Sunganani adadzutsa mutu pang'onopang'ono. Sadayang'ane nkhalambayo. Adayang'ana Feliya, amene manja ake adali akadali otambasuka pakhomo, kutchinga chinthu chimene chidali chitatuluka kale.